Kwa amayi a tchalitchi, kumene nsima amagula ndi chitsekerero cha botolo

Pa boma la Mangochi pano malo odyera ndi osasowa, kuyambira ziwaya za tchipisi za kudepoti mpaka malesitilanti a mafani ndi nyimbo. Amene ndikunena ine alibe chikwangwani ngakhale dzina. Akabaza amangoti "kwa amayi a tchalitchi", ndipo mukawauza choncho akakutsitsani pakhomo penipeni. Ndi chisakasa cha malata chogundana ndi mpanda wa tchalitchi china, kamtunda koyenda pansi kuchokera kuchipatala. Mpingo wake sinditchula chifukwa eni ake anandipempha. Ati akangotchuka, nthawi ya kampeni aliyense adzafuna kudzagwira mthiko pamenepo.

Ine ndine ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo kontena yanga ili m'njira yomweyo. Nkhomaliro ndimadyera kumeneko masiku ambiri. Makasitomala a amayiwa ndi anganso, kungoti ine ndimawaona mbali ina. Ndimadziwa amene watapa ndalama yomaliza mufoni, ndimadziwanso agogo amene amabwera m'mawa ndi madzulo kudzafunsa ngati mwana wawo wa ku Joni watumiza, n'kubwerera chimanjamanja. Ambiri ndi magadiyani, odikirira odwala, ochokera ku Makanjira, Katuli, Namwera, Chilipa ndi kwina kutali. Wodwala chipatala chimamudyetsa, koma gadiyani amadzionera yekha. Amanyamuka kumudzi ndi kathumba ka ufa akuganiza kuti mawa kapena mkuja abwerera, kenako adokotala n'kunena kuti wodwalayo agonebe. Ufa watha, nkhuni n'zogula, ya thiransipoti yadyedwa kale. Malowa anawatsegulira anthu amenewa. Ife olipira tilipo kuti moto usazime.

Tiyambe ndi za m'mbale. Nsima ndi ya mgaiwa, mitanda iwiri ya chipande chachikulu, yolimba bwino, yopanda timibulu. Ya ufa woyera imaphikidwa Lachisanu lokha. Okonda yoyera amang'ung'udza, koma amayi msungichuma anandiwerengera kuti chimanga chikakonoledwa n'kuviikidwa, china chimathera ku madeya, pamene cha mgaiwa chimabwera chonse kuchokera kuchigayo. Ndiwo ya tsiku ndi tsiku ndi usipa wofutsa wa tomato ndi anyezi, ndipo apa ndiwayamikire chifukwa mulibe mchenga. Wa kunyanja aliyense akudziwa mmene mano amachitira ukaluma mchenga pakati pa mbamu. Iwo amagula usipa woyanika pathandala, osati wa pansi, n'kuutsuka ndi madzi ofunda asanauthire mumphika. Mbale ya nsima, usipa ndi masamba panopa ndi K3,500.

Pa masamba ndiye palibe wowaposa pa boma pano. Nsinjiro amasinja okha mumtondo m'mawa, moti nkhwani wotendera wa pamenepa fungo lake limakulandirani musanakhale pabenchi. Chigwada amachisinja mpaka kufeweratu n'kuchisiya pamoto nthawi yokwanira, sichiwawa konse. Nthawi ya dzinja mumapezanso bonongwe, chisoso ndi therere. Tsabola wa kambuzi amakhala m'kambale pakati pa tebulo, wofuna amadzitapira.

Nyemba zawo sindingaziikire kumbuyo. Pofuna kusunga nkhuni amaziphula zisanafewe, ndipo Lachiwiri, tsiku la nyemba, ine ndimapempha masamba okha. Mcherenso umatengera gulu limene likuphika, poti amasinthana. Gulu la Lolemba lili ndi dzanja lolemera.

Alendo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe akangofika pa boma pano chimene amafunsa ndi chambo. Pano musavutike. Amaphika pokhapokha mwaitanitsa dzulo lake n'kusiya ndalama, ndipo mtengo wake ukhala wa kudoko kuphatikiza mafuta. Si ulesi wa amayi ayi, chambo chasowa. Nyanja ya Malombe, imene makolo athu ankavuulamo chambo chodzadza mabwato, masiku ano imatulutsa kwambiri tinsomba ta kambuzi. Mwera ukamaomba mu Juni ndi Julayi asodzi sapita kutali ndipo ngakhale usipa umakwera, ndiye kumapeto kwa chaka nyanja ikatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndiwo pano imakhala nandolo, nyemba kapena soya pisi.

Nyama imapezeka Loweruka, ya mbuzi, ndipo ndi yochinja. Mbuziyo amapita nayo kwa Msilamu wa kubutchala kuti achinje iyeyo. Nkhumba sinalowepo m'miphika imeneyi chitsegulireni malowa, ngakhale pa Khirisimasi. Boma la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Amene akufuna kudyetsa anjala kuno osasamala zimenezi adzangodyetsa a mumpingo mwake.

Koma chandilembetsa si nkhwani, ndi zitsekerero za mabotolo. Pamalowa simulipira pamene akupakulira. Mumayamba mwazungulira kuseri kwa chisakasa, pakawindo pamene pamakhala amayi msungichuma ndi kope lawo. Mukalipira amakupatsani chitsekerero cha botolo la zakumwa chopakidwa kyutekisi mkati, ndipo chimenecho n'chimene mumapereka kwa opakula. Tsono m'mamawa amayi awiri amakhala atayenda kale kumene kumagona magadiyani. Amalonjera, kufunsa za odwala, kwinaku maso akuona kuti pamafuwa pa ndani sipanaterekedwe mphika. Amene amupeza choncho amamusiyira chitsekerero chomwecho m'dzanja popatsana moni, osanena zambiri. Pofika masana tonse timaima pamzere umodzi. Wopakula sadziwa amene wagula ndi amene wapatsidwa, ndipo mbale zimafanana, mitanda iwiri, usipa, masamba. Benchi ndi lomwelo. Ndakhalapo pakati, mbali iyi kalaliki wa tayi wa m'maofesi a boma, mbali inayo mnyamata amene m'mawa womwewo anandipempha kuti ndimuimbire m'bale wake poti analibe mayunitsi. Wobwera kumene sakanaloza kuti wolipira ndi uyu.

Kyutekisiyo ali ndi nkhani yake. Poyamba zitsekerero zinali zosapaka, mpaka anyamata ena anazindikira kuti kuseri kwa bala lililonse zili mbwee. Tsiku lina nsima inatha mumphika zitsekerero zikubwerabe. Amayi sanaitane apolisi kapena kukalipira munthu. Anangogula kabotolo ka kyutekisi kumsika, ndipo mwezi ukatha amasintha mtundu. Mwezi uno ndi wobiriwira.

Munthu amene sanapemphepo angaone ngati n'zachibwana. Ine pakontena ndimaona mmene bambo wamkulu, wa banja lake ndi dimba lake kumudzi, amazungulirira nkhani asananene kuti alibe K500. Ena amalolera kugona ndi njala kusiyana n'kukaima pamzere umene aliyense wodutsa akudziwa kuti ndi wa osowa. Thandizo lambiri limene ndaona kuno, kaya la chimanga chaka cha chilala, kaya la mabulangete pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023, limabwera ndi kuitana maina mokweza, kudinda chala ndi kuombetsa m'manja. Ndi thandizo ndithu ndipo lapulumutsa anthu, sindikunyoza. Koma wolandira amabwerera kwawo atasenza thumba pamutu, manyazi mumtima. Amayiwa, amene ena mwa iwo sukulu analekera Sitandade 5, anapeza njira yoti munthu adye manyaziwo osamukhudza. Pa ichi chokha ndimalolera nyemba zosapsa.

Ndalama zimachokera kwa ife poyamba. Mbale ya pano ndi yokwererako pang'ono poyerekeza ndi ya m'tizisakasa ta kumsika, ndipo sabisa kuti chowonjezeracho chikudyetsa wina. Kupatula apo, Lamulungu loyamba la mwezi mayi aliyense wa m'gulu amabwera kutchalitchi ndi mbale ya ufa, ndipo pa zopereka za masika mpingo umawapatulira matumba ena a chimanga. Ophika salandira malipiro. Palinso mwini boti wina, Msilamu, amene usodzi ukayenda bwino amatumiza mwana pa njinga ndi beseni la usipa, ati ndi sadaka yake. Sanalowepo m'tchalitchimo, ndipo palibe anamufunsa chifukwa chake.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira ndi shuga zinathawa, ndipo malowa anatsala pang'ono kutsekedwa. Ena m'gulumo anati paziphikidwa miphika iwiri, wa olipira wa usipa ndi wa aulere wa masamba okha. Nzeru yake inali yomveka, ndipo mwini lesitilanti aliyense akanachita zimenezo. Amayi apampando, gogo wamfupi wa magalasi amene salankhula kawiri, akuti anangoti: "Mukatereka miphika iwiri, ine ndikuvula epuloni, ndizipita kwathu." Zimene anachita n'kukweza mtengo wa ife olipira, kuchepetsa mafuta m'ndiwo za aliyense, ndi kusiya tiyi wa mkaka wa m'mawa. Tiyiyo ndimamusowa mpaka lero, koma ndili mbali ya gogoyo. Miphika ikanakhala iwiri, mbale ikananena zimene chitsekerero chikubisa.

Ena afunsa ngati munthu amayamba wamva ulaliki asanadye. Ayi. Amayi amapemphera okha m'bandakucha asanakoleze moto, kanyimbo kamodzi, basi. Pakhoma analemba ndi penti kuti Mateyu 25:35, nambala yokha, mawu ake osalemba. Woidziwa vesiyo akuidziwa. Mlaliki wina wachinyamata anabwera ndi sipika yake kuti azilalikira nthawi ya nkhomaliro, ati khamu lonseli likungodya n'kumapita. Anamupatsa chitsekerero, anadya, ndipo anamuuza mwaulemu kuti sipikayo akaikire m'tchalitchi. Ndikudziwa kuti mumpingomo alipo amene amadandaula kuti zaka zonsezi chisakasachi sichinabweretse munthu ndi mmodzi yemwe ku kalasi ya ubatizo. Ine ndine Mkhristu, wa mpingo wina, ndipo dandaulo limeneli silindikhudza. Akhristu kuno sitinayambe lero kukhala ochepa. Ansembe a Katolika a gulu la White Fathers anafika kwa Mponda mu 1889 ndipo pofika 1891 anali atachoka. Chimene chinazika mizu m'boma lino ndi ntchito ya manja, monga chipatala cha St Martin's cha Anglican ku Malindi, chimene chimalandira odwala a m'midzi yonse ya tsidya lija osafunsa kuti amapemphera Lachisanu kapena Lamulungu. Amayiwa akuyenda m'njira yomweyo ndi miphika yawo.

Mwezi wa Ramadani wapitawu ndinaona chinthu ndi maso anga. Bambo wina wa ku Katuli, wa kofiya woyera, amene ankadikirira akazi awo, anafika masana osaima pamzere. Anapita kwa amayi apampando, n'kutambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono.

"Amayi, zikomo, koma ine ndili pa swaumu. Kapatseni wina, chingawonongeke."

Gogoyo anawapinda zala kuti chitsekererocho chikhalebe m'dzanja mwawo.

"Sungani, bambo. Mubwere dzuwa likamalowa, mutipeza."

Masiku onse amatseka 3 koloko, koma mwezi umenewo amayi awiri amatsalira mpaka madzulo. Amaphika phala la mpunga ndi futali wa mbatata, n'kusunga nsima yotentha m'mafudiwoma. Ndikutseka kontena ndinawaona bambo aja atakhala pamphasa ndi anzawo angapo, akumasula kusala m'chisakasa chogundana ndi mpanda wa tchalitchi. Ponyamuka anati "sikomo kwejinji", ndipo mmodzi wa amayiwo, amene Chiyao ndi chiyankhulo chake chobadwa nacho, anawaperekeza ndi mawu mpaka pamsewu.

Tsopano zimene sizindisangalatsa, ndipo chachikulu ndi masiku a alendo. Nthawi ndi nthawi kumabwera anthu a galimoto, ena a m'tauni ena ochokera kunja, atanyamula matumba a ufa, sopo ndi shuga. Tsiku limenelo zonse zimene ndayamikirazi zimagwa. Akuluakulu a mpingo, amene masiku ena saoneka n'komwe kukhitchini, amafika atavala masuti n'kulamula kuti "opindula" aime mbali imodzi, mbale m'manja, kuti ajambulidwe. Anthu amene sabata yonse anadya ngati wina aliyense amasankhulidwa pamaso pa onse. Ndinaona mkulu wina wa imvi akuika mbale yake pansi, nsima osaigwira, n'kutuluka osatembenuka. Sanabwerenso, chonsecho wodwala wake anali adakali muwodi, poti pakontena ankadutsa. Mawa lake zithunzi zinali pa Facebook.

Ndinawafunsa amayi apampando chifukwa chimene amalolera. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwanangu, ufawo tikuufuna. Ukandipezera wina wobwera wopanda kamera, udzandiuze."

Ndinawamva, ndipo sindingawaweruze poti matumbawo amadyetsa anthu milungu ingapo. Mlandu ndimaupereka kwa obwera ndi mafoniwo ndi kwa a masuti owalondolera. Ngati kumene kwachokera thandizo akufuna umboni, jambulani matumba, jambulani miphika, jambulani ophika, amene amakondanso kujambulidwa atavala zitenje zawo za mpingo. Nkhope ya munthu amene mkazi wake ali chigonere isiyeni. Baibulo lomwe lija limene mwatengamo Mateyu 25 lilinso ndi Mateyu 6, pamene akunena za dzanja lamanzere ndi lamanja.

Chachiwiri ndi kukondera. Si onse amene amagawa zitsekerero ali ndi mtima wa gogo uja. Ndaonapo zitsekerero zikuthera m'manja mwa adzukulu ndi alamu a ophika, anthu amene ndikudziwa kuti m'foni mwawo muli ndalama, poti amatapa kwa ine. Si tsiku lililonse, koma zimachitika, ndipo chitsekerero chimodzi chopita kwa mlamu ndi gadiyani mmodzi wogona ndi njala. Kope la amayi msungichuma limalemba zolowa ndi zotuluka, koma sililemba kuti wagawa ndani. Pamenepo pakufunika kukonza.

Utsi nawo ndi wosanena. Amaphikira pamafuwa mkati mwa chisakasa chopanda potulukira utsi, moti mukadya masana dzuwa la Okutobala lili pamutu, mumatuluka maso ali psuu, malaya akununkha nkhuni. Chitetezo Mbaula, ya dothi ija, imadya nkhuni zochepa ndipo si yodula. Atagula zingapo za ndiwo, mwina ndi nyemba zomwe zikanamapsa. Changu nachonso palibe. Opakula ndi mmodzi, ndipo ngati akufunsa gadiyani za wodwala wake, mzere wonse udikira mpaka nkhaniyo ithe. Wa ola limodzi la nkhomaliro aziganizire. Chenje amasowa kawirikawiri, ndipo amathamangira kwa ine.

Ukhondo ndilibe nawo mawu. Chichokereni kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri, beseni losambamo m'manja anthu onse analitaya. Pakhomo pali ndowa ya kampopi ya madzi a kolorini ndi sopo womangirira pachingwe, ndipo pali mayi mmodzi amene ntchito yake n'kubweza aliyense wofuna kulowa osasamba, kaya wavala tayi. Mbale amatsuka ndi madzi otentha n'kuziyanika pathandala padzuwa. Madzi akumwa ali mumtsuko wovindikira, ndi kapu yotungira yosiyana ndi zomwera.

Lamulungu satsegula. Ndikumvetsa kuti ndi tsiku la mapemphero ndipo ophikawo ndi anthu a mabanja awo, koma kwa gadiyani ndi tsiku lovuta kuposa onse, poti ngakhale maganyu a m'tauni sapezeka. Loweruka masana amayesetsa kugawa ufa pang'ono ndi usipa wouma kwa amene akuwadziwa kuti alibiretu, koma wofika Loweruka usiku ndi ambulansi amadikira mpaka Lolemba. Ndamva kuti achinyamata a mumpingomo apempha kuti aziphika okha akaweruka ku mapemphero a m'mawa, ndipo amayi akukayikira ngati anyamatawo angavundule mphika wa nsima ya anthu ochuluka chotere osaipsereza. Nkhaniyo idakali pa zokambirana.

Amatsegula Lolemba mpaka Loweruka, ndipo nsima imayamba kupakulidwa cha m'ma 11:30. Fikani isanakwane 1 koloko ngati mukufuna usipa, chifukwa ukatha watha ndipo sawonjezera mphika. Tengani ndalama zosinthasintha. Mukafuna kuthandiza, lipirani zitsekerero ziwiri kapena zitatu pakawindo paja n'kutenga chimodzi, zinazo amayi msungichuma aziponya m'kachitini ka mawa. Nkhuni, mchere ndi sopo amalandiranso, kukhomo la kuseri.